Mphezi ya Frazer ndi Poni wa Madamu

Pa Chamama, ukangodutsa pamene amaima akabaza, pali sitolo ya che Kassim yogulitsa makasu, mbewu, misomali ndi zina zotero. Khonde lake ndi lalikulu kuposa sitoloyo, ndipo pakhonde pamenepo ndi pamene Frazer, mwana wa a Kalekeni a ku Wimbe, anatsegula ofesi yake atabwerako kukoleji ndi dipuloma ya zamakompyuta. Ndikati ofesi musaganize zapatali. Panali tebulo la miyendo itatu, wachinayi uli njerwa, laputopu yomatidwa ndi selotepi pakona, kasipika kaphokoso, ndi bolodi la tchesi limene hatchi yake imodzi inasowa kalekale, pamalo pake pakukhala chitsekerero cha botolo.

Chakudya chake chinkachokera pa kuika nyimbo m'mafoni a anthu. Koma mukanamufunsa ntchito yake, akanakuuzani kuti iye ndi bambo wa Mphezi. Mphezi inali pulogalamu yosewera tchesi imene analemba ali kukoleji, mothandizana ndi Tasnim, mwana wamkazi wa che Kassim, amene anali naye kalasi imodzi. Tasnim anakhoza kumuposa, koma zimenezo Frazer sankazitchula kawirikawiri. Mtsikanayo atamaliza sukulu anabwera kudzagwira sitolo ya bambo ake, ndipo ndi iyeyo amene anamupemphera Frazer malo pakhondepo.

Kwa inu amene simunaonepo kompyuta ikusewera tchesi, nkhani yake ndi iyi. Makinawa alibe nzeru zamatsenga. Amangodzifunsa kuti ndikasuntha ichi, mdani angayankhe chiyani, akayankha chotero ine ndidzatani, ndiye iye adzatani. Funso lililonse limabala mafunso ena makumi angapo, ndipo ukawasiya osawaletsa akhoza kuganiza mpaka chimanga kucha. Choncho wolemba pulogalamu amayenera kuiuza polekezera. Frazer anaiuza Mphezi kuti: iwe usunthe katatu m'maganizo, mdani katatu, ukafika pamenepo ima, werenga zida zatsala pabolodi, amene ali ndi zambiri ndiye wapambana. Za kuseri kwa pamenepo Mphezi sinkazidziwa ndipo sinkazifuna.

Ubwino wake unali liwiro. Munthu ankati akasuntha, Frazer n'kulowetsa m'kompyuta, yankho linali litatuluka kale dzanja la munthuyo lisanabwerere pabondo. Ndiye mnyamatayu, poona kuti liwiro lokha silikukwanira, anajambula mawu ake n'kuwaika m'pulogalamumo. Mphezi ikadya chida, sipika inkati, “Ndadya, ndipo sindilipira.” Ikaona kuti ili patsogolo inkati, “Pitani mukaitane akuluakulu anu.” Ikapulumuka pangozi inkati, “Kuno zonse zili bwino.” Mawu oti izilankhula zinthu zikathina sanajambule, poti ankati tsiku lotero silidzacha.

Ndipo kunena zoona, pa Chamama inkawasambitsa chokweza. Aphunzitsi a kupulaimale, makalaliki a fodya, bambo wina wa kuchipatala wokonda kuvala taye dzuwa likuswa mtengo, onsewo ankakhala pabenchi ndi matama n'kunyamuka akukanda kumutu. Ankagonja masewera akadali pakati, bolodi likadali lodzaza, chifukwa pamenepo ndi pamene munthu amaiwala kuti bishopu uja akuyang'ana kwini wake, pamene makina saiwala. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafikapo nayo kumapeto, kumene zida zikuluzikulu zatha n'kutsala mafumu awiri ndi tiasilikali tating'ono tija amati maponi.

Wosasangalala ndi zonsezi anali a Kalekeni. Iwo analima fodya kuti mwanayo aphunzire, ndipo ankati akapita kutchalitchi anzawo n'kuwafunsa kuti mnyamata uja akugwira kuti, ankayankha ndi chifuwa. Tsiku lina anabwera panjinga, naima pakhondepo osakhala pansi.

“Iwe Frazer, ine sindinakuphunzitse kuti uzitukwanitsa anthu ndi wailesi,” anatero. “Mbewu ya fodya ndafesa, nazale ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo msana wangawu watha. Mwezi uno ukatha ulibe ntchito yooneka ndi maso, ukubwera kumudzi. Ofesi yakoyi tidzaikamo anapiye.”

“Adadi, zinthu zili m'njira.”

“Nazonso mvula zili m'njira,” anatero a Kalekeni, nakwera njinga.

Mawu amenewo anamulowa Frazer mpaka m'mafupa. Iye ankaopa zinthu zambiri, koma palibe chimene ankachiopa ngati kudambo kwa bambo ake, kumene anzake amene anawasiya ku sitandade eyiti akanamupeza akutunga madzi n'kumufunsa ngati dipuloma imathandiza kusenza.

Mwayi unabwera sabata yomweyo. Kunja kwa Chamama kuli sekondale yapulaiveti ya Mayi Enelesi, amene aliyense amangowatchula kuti madamu. Anali atagula makompyuta ndipo ankafuna mphunzitsi. Mayiwa anaphunzitsa masamu zaka zambiri asanatsegule sukulu yawo, ndipo tchesi anayamba kusewera ali mtsikana, mpaka lero kalabu ya tchesi ya pasukulupo amaiyendetsa okha. Frazer atawapititsira mapepala ake, anangowayang'ana pamwamba n'kuwabweza.

“Mapepala aliyense ali nawo masiku ano,” anatero madamu. “Ndamva kuti muli ndi chinthu chimene munapanga nokha. Loweruka la sabata yamawa makolo akubwera kudzaona sukulu. Mubwere nacho tidzasewere pamaso pa ana. Ndikakhutira, ntchito ndi yanu.”

Frazer anabwerera pakhonde akuyenda ngati walandira kale malipiro. Anapeza Tasnim atakhala patebulo lake, poti linali Lachisanu masana, che Kassim ali kumzikiti ndipo ogula kunalibe. Pabolodi panali mafumu awiri ndi maponi ochepa. Zida zina zonse anali ataziunjika pambali.

“Chimwana chakochi ndachigonjetsa kangapo,” anatero Tasnim. “Ine amene ndimasewera tchesi ngati nkhuku ikusambira.”

“Wachichita chiyani?”

“Palibe. Ndangochotsa zikuluzikulu. Taona, poni wanga uyu ali kumbuyo kwenikweni ndipo kutsogolo kwake kulibe womutchinga. Kuti akafike kumapeto n'kusanduka kwini ayenera kuyenda kasanu. Mphezi yako imaona katatu. Ndiye kwa iyo poni ameneyu ndi poni basi mpaka kalekale, ilibe naye ntchito. Ikamadzazindikira kuti ndi kwini, amakhala ali pakhomo.”

Frazer anaseka kuseka kwa munthu amene wamva koma sakufuna kumva. Tasnim anapitiriza, ndipo ananena zomveka. Bolodi likadzaza, njira zosunthira zimakhala zambiri, ndiye kuganiza mozama kumadya nthawi. Koma kukatsala mafumu ndi maponi, njira zimachepa kwambiri, ndipo makina akhoza kuona patali kawiri kapena katatu osatuluka thukuta. Choyenera n'kuiuza pulogalamu kuti zida zikamachepa, iyo iziwonjezera kuzama. Ndipo poni akakhala kuti alibe womutchinga, isasiye kumulondola pakati panjira, imutsatire mpaka aone ngati akafika kapena akagwidwa.

“Ndi mizere yochepa chabe,” anatero. “Tikhoza kulemba pompano abambo asanabwere.”

“Tasnim, iwe ndi mwana wa m'sitolo, za mitengo suzidziwa,” anayankha Frazer. “Kwathu fodya timadula nsonga pa msinkhu umodzi munda wonse. Sitiyenda n'kumafunsa mtengo uliwonse kuti ukufuna utalike bwanji. Ndimo munda umaonekera bwino. Pulogalamu yabwino imakhalanso ndi lamulo limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.”

“Fodya wanu samathamangitsana ndi munthu.”

“Komanso ukudziwa chimene anthu amabwerera pano? Liwiro. Ikangoyamba kukhala duu ngati gogo akukumbukira dzina la mdzukulu, dzina loti Mphezi latha.”

“Idzachedwa kanthawi kongomeza malovu, Frazer. Ndipo kumapeto kokha.”

“Kumapeto kwake kuti? Ndani anafikako? Madamu aja ndidzawakomola tiyi asanazizire.”

Tasnim anamuyang'ana. Anamumvera chisoni, komanso anamukwiyira, poti theka la pulogalamuyo linali thukuta lake. Pomaliza anati, “Chabwino. Koma sipikayo ukaisiye kuno. Sungapite kukapempha ntchito ndi chinthu chotukwana abwana.”

“Imeneyo ndiye ndiwo yake,” anatero Frazer.

Ndikuuzeni chimene mnyamatayu anachita masiku amene anatsala. Sanakhudze mzere ndi umodzi womwe wa kaganizidwe ka Mphezi. Anapita kukameta, anabwereka jekete kwa bambo wa taye uja, napukuta sipika. Anajambulanso mawu aja mwatsopano kuti azimveka bwino m'holo. Munthu akafuna kugwa amasesa kaye pogwerapo.

Loweruka kunacha kotentha, fumbi likuzungulira pabwalo la sukulu. Makolo anadzaza m'holo, amayi akudzikupiza ndi nsonga za zitenje, ana atakhala pansi kutsogolo. Bolodi lalikulu analipachika pakhoma kuti aliyense aziona. A Kalekeni analipo, atavala suti yawo ya pa Mgonero, ndipo anali atauza kale aliyense wokhala nawo pafupi kuti wajekete uyo ndi mwana wawo, aphunzitsi atsopano.

Madamu anatenga zoyera. Ankasuntha modekha, akuganiza, dzanja lili pachibwano. Mphezi inkayankha nthawi yomweyo, ndipo ana ankakuwa ndi chimwemwe. Makolo ena anayamba kunong'onezana kuti mayiwa lero akumana nazo. Koma Frazer, amene tchesi ankaidziwa ndithu, anayamba kuona chinthu chimene sichinamusangalatse. Madamu sankatchera misampha, sankathamangira kupha mfumu. Ankangosinthanitsa zida. Hatchi kwa hatchi, bishopu kwa bishopu. Mphezi ikadya, sipika n'kuti, “Ndadya, ndipo sindilipira,” iwo ankadya chawo mwakachetechete n'kuchiika pambali. Kenaka makwini nawo anachoka. Bolodi linayamba kuyera ngati munda wokolola.

Si kuti wina anawatsina khutu. Ndi mmene ankasewerera kuyambira kale. Ana a kalabu yawo ankadziwa kuti madamu amakutengera kumapeto kumene kulibe pobisala.

Panatsala mafumu awiri ndi maponi ochepa mbali iliyonse. Kumphepete kwa bolodi, kudzanja lamanzere la madamu, kunali poni wawo mmodzi amene anali atangoyenda kamodzi chiyambire masewera, ndipo kutsogolo kwake kunali mbee. Mfumu ya Mphezi inali chapakati, pamalo poti poniyo akanayamba kuthamanga ikanamupeza, koma mopanda kutsala ndi mpata ngakhale wa sitepe limodzi. Frazer anaona zimenezo, ndipo jekete lobwereka lija linayamba kumutentha.

Madamu anatambasula dzanja mbali inayo, kutali ndi poni uja, n'kukankha poni wina mpaka pamphuno pa mfumu ya Mphezi. Analibe womuteteza. Anali nyama yaulere. Kuti imudye, mfumuyo inayenera kusuntha sitepe limodzi kulowera kumanja, kutalikirana ndi poni wa kumphepete uja.

Frazer analowetsa kusunthako m'kompyuta. Mumtima ankapemphera kuti mwina laputopu izime, mwina magetsi achite zawo zija. Koma tsiku limenelo zonse zinali kugwira ntchito bwino lomwe. Mphezi inayang'ana katatu kutsogolo monga anaiphunzitsira. Inaona kuti ikadya ikhala ndi poni mmodzi woposa, ndipo poni wa kumphepete uja, pomwe kuona kwake kunkathera, anali akadali panjira, akadali poni. Inadya.

“Ndadya, ndipo sindilipira,” inatero sipika. Isanapume n'komwe inawonjezera, ndi mawu a Frazer mwiniwake, omveka mpaka kubenchi lakumbuyo, “Pitani mukaitane akuluakulu anu.”

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. A Kalekeni okha sanaseke. Anayang'ana pansi, chifukwa mawu amenewo anali a mwana wawo ndipo ankauzidwa mayi wamkulu, pasukulu pake, pamaso pa ana ake. Madamu anangokweza nsidze pang'ono.

“Akuluakulu anga anamwalira,” anatero. “Nditumako mwana.”

Anakankha poni wa kumphepete uja sitepe limodzi. Mfumu ya Mphezi inabwerera chapakati. Anamukankhanso. Apa tsopano kumapeto kwa bolodi kunalowa m'maso mwa Mphezi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire inaona kwini akubwera amene sikanatha kumuletsa. Mfumu yake inali yotsalira ndi sitepe limodzi lomwe lija inakadyera nyama yaulere, ndipo liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Sipika inangoti zii, poti mawu a pamavuto munalibe.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho anthu a ku Chamama amakambabe. Makina oona pafupi akaona tsoka, sathetsa tsokalo. Amafunafuna njira yolikankhira kuseri kwa pamene maso awo amalekezera, ndipo likangobisika amayesa kuti latha. Mphezi inali ndi maponi pafupi ndi mfumu ya madamu. Inakankha mmodzi n'kupereka cheki, ndiko kuopseza mfumu ya mdani. Madamu anayenera kuyankha chekiyo, ndiye anamudya poniyo ndi mfumu yawo. Kusinthana kumeneko kunachedwetsa kwini uja ndi sitepe limodzi, n'kumutulutsa m'maso mwa Mphezi.

“Kuno zonse zili bwino,” inatero sipika.

Madamu anakankhanso poni wawo. Kwini anaonekeranso. Mphezi inatenga poni wina, cheki, madamu n'kumudya.

“Kuno zonse zili bwino.”

Tsopano ngakhale amayi amene sankadziwa kusiyana kwa poni ndi chitsekerero cha botolo anayamba kumva nkhaniyo. Wina kumbuyo anati chinthuchi chikuchita ngati mwamuna wake, amene denga likamadontha amangosuntha mphasa. Bambo wina anaseka mpaka kutsokomola. Frazer anafuna kuzimitsa sipika, koma manja ake anali ngati a munthu wina, ndipo anakanikiza powonjezera mawu.

Maponi otaya atatha, Mphezi inalibenso chobisira maso. Poni wa madamu anafika kumapeto. Iwo anatenga kwini wawo pa mulu wa zida zodyedwa, namupukuta fumbi ndi chala, namuika pabolodi. Zotsalazo sizinatenge nthawi. Mfumu ya Mphezi inathawira pakona n'kufera pomwepo.

Ana anaomba m'manja, makolo anayamba kuimirira, koma madamu anakweza dzanja kuti aliyense akhale. Nkhope yawo sinali ya munthu wokondwa ndi kupambana. Inali ya mphunzitsi amene waona phunziro ndipo sakufuna lipite pachabe.

“A Frazer, bwezerani bolodi pamene chinthu chanu chinadya poni wanga uja.”

Frazer anabwezera.

“Tsopano tiuzeni, tonse ndi anawa. Chinalakwa chiyani?”

Mnyamatayo anayamba ndi kutentha. Anati laputopu ikatenthedwa imasokonezeka. Kenaka anatchula fumbi. Anali pafupi kutchula magetsi pamene madamu anamudula.

“Ine masamu ndaphunzitsa musanabadwe. Makina anuwa amaona kutsogolo kangati?”

“Katatu, madamu.”

“Nthawi zonse? Bolodi likhale lodzaza, likhale lopanda kanthu?”

“Nthawi zonse.”

“Mungawauze kuti pano aone kasanu ndi kamodzi?”

Frazer anatembenukira kulaputopu. Anatsegula pulogalamu, nafufuta nambala imodzi, nalemba ina. Zinali zokhazo. Analowetsanso kusuntha kwa madamu kuja, poni waulere ali pamphuno pa mfumu, ndipo holo yonse inadikira kuti ione kuchedwa kumene mwini wake ankakuopa. Mayi wina anayetsemula. Asanamalize kupukuta mphuno, Mphezi inali itayankha. Nyama yaulere ija inaikana, mfumu yake n'kusunthira chakumanzere kukalondera poni wa kumphepete.

Palibe anaseka. Kusekako kukanakhala bwino.

“Kuchedwa kwake n'komweku?” anafunsa madamu.

“N'komweku.”

“Ndiye simunkadziwa kuti kumapeto kumafunika kuona patali?”

Apa Frazer akanatha kunama, ndipo bodza linafika ndithu pamilomo. Koma anaona kuti mayiwa adziwa kale, poti munthu wosadziwa sapeza nambala yoyenera kusintha mwachangu chotero.

“Ndinkadziwa. Mnzanga amene tinalemba naye anandiuza.”

“Munalekeranji?”

“Anthu amakonda ikamayankha msanga.”

Madamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo za kutukwanidwa ndi sipika sanazitchule n'komwe.

“Kugonja si mlandu, a Frazer. Chikanakhala kuti chagonja chifukwa simunkadziwa, ndikanakulembani lero lomwe, poti kusadziwa kumachizika. Koma inu munadziwa, mankhwala muli nawo m'manja, n'kusankha kuomberedwa m'manja. Makolo awa amandipatsa mwana ali fomu wani kuti ndiyende naye mpaka akatuluke fomu folo. Ndikufuna mphunzitsi amene amaganiza za kumene mwanayo akafike. Pepani, ntchitoyi sindikupatsani.”

Kenaka anatembenukira kwa ana n'kuyamba kuwafotokozera pabolodi la pakhoma mmene munthu amadziwira ngati mfumu ingamupeze poni wothamanga. Frazer anakhala pomwepo akulongedza zingwe zake, phunziro likuchitika pamutu pake, iye ali chitsanzo. Manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire. Ankalakalaka simenti ya m'holomo itang'ambika kuti alowemo ndi jekete la eni ake lomwe.

A Kalekeni anamudikira pageti atagwira njinga. Mtima unkawawawa, osati chifukwa cha ntchito yokha, koma chifukwa anali atalankhula kwambiri m'holo muja ndipo mawa linali Lamulungu, anthu omwewo akakumana nawo kutchalitchi. Sanamukalipire. Anangoyamba kukankha njinga kulowera ku Chamama, mwana wawo akutsatira pambuyo ndi chikwama.

Atafika pasitolo ya che Kassim, Frazer anakhotera patebulo lake. Bambo ake anapitirira mpaka pakauntala, pamene panali Tasnim. Mtsikanayo anayang'ana nkhope ya mkuluyo, nayang'ana ya Frazer, ndipo funso limene anali nalo analimeza.

“Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni chiyani?”

“Ndipatseni kheni yothirira mbewu, mwana wanga.”

“Ilipo yaikulu ndi yaing'ono.”

A Kalekeni anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu wometa bwino uja mpaka kunsapato.

“Yaikulu,” anatero. “Mnyamatayu ndi wachangu.”

Tasnim anaitsitsa pamsomali osaseka, ngakhale milomo inkamunjenjemera. Frazer anavula jekete, nalipinda, napempha Tasnim kuti akalibweze kwa mwini wake. Kenaka anakwera pakaliyala ya njinga ya bambo ake, laputopu pamsana, kheni pamiyendo, ndipo akabaza onse a pasiteji anawaperekeza ndi maso mpaka anakhota njira ya ku Wimbe.

Ndiye inu amene mumapanga zinthu, kaya ndi pulogalamu, kaya ndi china chilichonse chimene anthu amachiombera m'manja chikamayamba, muzifunsako kuti chikafika kumapeto chidzaona bwanji. Mphezi inayankha msanga masewera onse, ndipo poni mmodzi woyenda sitepe limodzi limodzi anaipitirira. Akuluakulu aja sipika inkati akaitanidwe anali atayankha kalekale: kuthamanga si kufika.